Musi wa Lekina

Masiku ano mukafuna ufa mumangosenza thumba ulendo wa kuchigayo, n'kukaima pamzere mutatseka makutu. Zabwino ndithu, sitikana, mikono ikupuma. Koma ife amene tinamvako mitondo ikulira m'mamawa timadziwa chimene chinapita. Chigayo chimangobangula, sichiimba, ndipo palibe mwamuna amene anachitapo manyazi chifukwa cha chigayo.

Izi zinachitika pa esiteti ina ya fodya chakumadzulo kwa Kasungu, kale basi ikadabwera kawiri pa mlungu. Kuseri kwa nyumba za matenanti kunali mkuyu waukulu, ndipo pansi pake panali mitondo isanu ndi umodzi. Pamenepo ndiye panali pabwalo pa amayi. Ankakonola awiriawiri mumtondo umodzi, musi uwu ukukwera uwo ukutsika, nyimbo ikuyenda pamwamba pa misiyo. Mmodzi ankayambitsa, anzake n'kumavomera. Lamulo lake ngakhale ana ankalidziwa: zoimbidwa pamtondo sizipita kumlandu. Mwamuna amene wagulitsa nkhuku ya mkazi wake n'kumwera kachasu ankamva dzina lake likuuluka mpaka kudambo, iye n'kumangodutsa atazyolika, akunamizira chifuwa. Ayi ndithu, kunkakoma pamkuyu paja.

Dzina limodzi lokha ndi limene silinkaimbidwa, la a Mangulenje, kapitawo wa pa esitetipo. Anali munthu wa njinga yakuda ndi nsapato zolira. Nyengo yosoka fodya ikafika, ankaimika njingayo pakhomo pa munthu n'kuliza belu kawiri. Mayi akatuluka n'kugwada, iwo ankangoti, "Mawa dzuwa likafika paliwombo mukasoke fodya kuchigafa cha kumapeto." Chigafacho chinali chokhachokha tsidya la dambo, pafupi ndi mitengo ya bulugama, ndipo nthawi imeneyo amuna onse amakhala ali kuminda ya kutali. Opitako ankabwerako akuyang'ana zala za kumapazi. Okana ankakwezedwa lole ndi banja lonse, fodya wawo n'kutsala m'munda. Aliyense ankadziwa, ndipo aliyense ankangoti khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Nazimbiri ndi Lekina anabwera pa esitetipo pa lole imodzi, wina wochokera ku Dedza wina ku Ntcheu, ndipo kwa zaka zisanu ndi ziwiri ankakonola mumtondo umodzi. Nazimbiri anali wa mawu aakulu, ovomerera nyimbo mpaka agalu kuuwa. Lekina anali kamunthu kochepa thupi, kopeka nyimbo ngati kutola nkhuni. Anali ndi chizolowezi chake: akamenya katatu, kachinayi ankagogoda musi m'mphepete mwa mtondo. Gu, gu, gu, go! Munthu ali kuchitsime ankadziwa kuti Lekina wafika pamkuyu.

Tsiku lina belu linalira pakhomo pa Lekina. Anapita, nanga akanatani, koma anabwerako msanga, mlomo uli wotupa, chitenje chong'ambika, m'zikhadabo muli magazi amene sanali ake. Madzulo ake anapeza Nazimbiri akutunga madzi.

"Mwali, ndapeka nyimbo," anatero Lekina.

"Iwe, mlomo uli chonchi ukuganiza za nyimbo?"

"Ndapeka basi. Ine ndifunsa, iwe uvomere. Ndikati ndani anandiitana kuchigafa, iwe utchule dzina. Ukangotchula iwe, enawo atsatira. Mawu ako ndi aakulu."

"Dzina lenilenilo?"

"Ali ndi lina? Nanga si za pamtondo sizipita kumlandu?"

Nazimbiri anayang'ana mlomo wa mnzakeyo, mtima n'kumuwawa. "Nditchula," anatero. "Pali mayi anga kumanda, nditchula."

M'mawa mwake mitondo yonse inadzaza. Lekina anamenya katatu, anagogoda, n'kukweza mawu:

"Ndani anandiitana kuchigafa, amayi?
Ndani anang'amba chitenje changa?"

Misi yonse inachedwa pang'ono m'mwamba. Amayi anayang'ana Nazimbiri. Iye anatsekula pakamwa, dzina lili kale pa lilime, ndipo nthawi yomweyo anaona njinga yakuda itayedzamira kukhoma kwa sitolo. Anakumbuka fodya wawo amene anali atayamba kupsa m'munda. Anakumbuka mwana wake Feliya, wa zaka khumi ndi chimodzi, ndi kwawo ku Dedza kumene analibe ngakhale mzere umodzi woti alime. Chimene chinatuluka pakamwa pake chinali china.

"Kaya, kaya de!"

Amayi anachilandira ndi manja awiri, poti chinali chopepuka. "Kaya, kaya de!" Lekina anafunsanso, yankho lomwelo. Anafunsa kachitatu, lomwelo. Kenaka anayang'ana mnzake kutsidya kwa mtondo, osati mokwiya, kungomuyang'ana basi. Anayedzamiritsa musi wake kumkuyu, anatola lichero lake, n'kumapita.

Patatha masiku anayi Lekina anapezeka atafa m'chitsime cha kudambo, chitsime cha madzi olekeza m'chiuno. Anthu anati anaterereka. Anamuika kumalire a esiteti pakati pa alendo anzake, ndipo mwamuna wake anakwezedwa lole dothi la pamanda lisanaume. Musi uja unatsala pamkuyu. Panalibe wougwira, ngakhale chiswe chimene chimadya mpini wa khasu usiku umodzi chinkangoulambalala.

Chimene chinkamudya Nazimbiri koposa chinali nyimbo ija, chifukwa sinafe. Inali yokoma m'makutu, ndiye inafala. Ana ankaimba posewera phada. Anyamata ankaimba podinda mabelo. Tsiku lina anamva a Mangulenje eni ake akuiimbira mluzu pa njinga, kaya, kaya de, ndipo anakasanza kuseri kwa nyumba. Anapeza mnzake wina wa pamtondo, Nankhoma, mayi wamtali wosalankhulalankhula, koma kuyambira pamenepo Nazimbiri sanavomerenso nyimbo iliyonse. Ankangokonola chete ngati ng'ombe ya pangolo.

Mvula inagwa katatu. Chaka chachitatucho, fodya atayamba kulowa m'zigafa, musi uja unasowa. Pa khungwa la mkuyu panangotsala mzere woyera pamene unkayedzamira.

"Ana atengera nkhuni," anatero mayi wina.

"Mwana wa ndani angagwire musi umenewo?" anafunsa Nankhoma.

Patapita masiku awiri Nazimbiri analawirira pamkuyu n'kupeza mtondo wake waimirira, pomwe dzulo lake anauvundikira yekha poopa mvula. Kuzungulira mtondowo kunali gaga watsopano. Anapisamo dzanja, mkati muli mofunda ngati pamene pachoka nkhuku yofungatira. Nkhuku zenizenizo, zimene masiku onse zinkajomphana chifukwa cha gaga, zinaima patali zitasomphola makosi. Anasesa gagayo msangamsanga anzake asanafike, osauza munthu.

Tsiku lomwelo akukonola ndi Nankhoma, pakati pa misi yawo iwiri panalowa kena. Gu, gu, gu, go!

"Mwayamba liti kugogoda m'mphepete?" anafunsa Nankhoma.

"Si ine."

"Ngati si inu, ndani? Ine musi wanga unali m'mwamba."

Onse awiri anaimitsa misi. Mtondo unalira kamodzinso, wokha, chimanga n'kudumpha. Nankhoma anakhuthulira mphale yake yosatha mulichero, n'kunena kuti mutu wamuyamba. Kuchokera tsiku limenelo amayi ankabwera pamkuyu mochedwa n'kuchoka msanga, ndipo mtondo wa Nazimbiri ankaupatsa malo.

Kenaka zinamugwera Yotamu, mwamuna wa Nazimbiri, munthu wofatsa amene sankakhulupirira za mizimu kunja kukawala. Anabwera kuchokera kumunda masana, khasu ataliiwala, milomo itauma.

"Mayi a Feliya, ndakumana ndi munthu panjira ya kudambo."

"Anthu amayenda m'njira, bambo."

"Mzimayi. Wasenza musi pamutu, wopanda nkhata, manja ali lende. Chitenje chikudontha madzi, chonsecho lero sikunagwe mvula."

"Nkhope yake munaiona?"

"Mwamuna sayang'anitsitsa mkazi wa mwini," anatero Yotamu. "Ndinamupatukira. Podutsa anandifunsa."

"Anati chiyani?"

"Anati, kodi anzanga avomera?"

Nazimbiri anakhala pansi pomwepo. Chinamugwira si mantha okha ayi. Anamva chisoni, ndipo pansi pa chisonicho, chinthu chochititsa manyazi kunena, anamva kukondwa. Anali atamusowa mnzakeyo zaka zitatu.

Lachinayi la mlungu womwewo, dzuwa litapendeka, belu linalira kawiri pakhomo pawo. Nazimbiri anatuluka n'kugwada, mtima utauma kale, akuti nthawi yake yafika. Koma a Mangulenje sanayang'ane iye. Maso awo anali pa Feliya, amene ankapeta mphale pambali pa nyumba, mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi wosadziwa kuti wakula.

"Mwanayu wakula bwino," anatero kapitawoyo. "Mawa dzuwa likafika paliwombo akasoke fodya kuchigafa cha kumapeto."

"Bwana, ndipita ndine. Uyu sadziwa kusoka."

"Akaphunzira konko." Nsapato zinalira, njinga inapita, mluzu uja ukutsatira pambuyo.

Yotamu atamva anazula nkhwangwa patsindwi. "Ndikamudula," anatero, misozi ikutsika.

"Mukamudule, akumangeni, ife atikweze lole? Khalani pansi, bambo a Feliya."

"Ndiye tithawe."

"Tithawire kuti? Ndipo tikathawa ife, belu likalira pa ndani? Nankhoma naye ali ndi mwana wamkazi." Nazimbiri anamulanda nkhwangwayo. "Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ine ndinkaimva ngati nthabwala ya akuluakulu."

"Ndiye tichita chiyani?"

"Inu mawa mupite kumunda. Izi ndi za pamtondo."

Kunacha kopanda mtambo. Dzuwa litakwera mpaka mthunzi wa munthu kubisala pansi pa mapazi, Feliya anatuluka m'nyumba atamanga chitenje chake. Mayi ake anamugwira pamkono.

"Amayi, njira ya kuchigafa si iyi."

"Ndikudziwa. Tenga dengu la chimangalo."

Masana otero palibe amene amakonola. Pamkuyu panali zii, ngakhale njiwa sizinkalira. Nazimbiri anaimika mtondo, anathira chimanga, anawaza madzi pang'ono. Anakweza musi n'kumenya kamodzi, kenaka anadikira, kusiya mpata wa mnzake monga amachitira okonola awiri. Mpatawo unadutsa wopanda kanthu. Anamenyanso. Palibe. Thukuta linamulowa m'maso, ndipo tsidya la dambo, patali, anaona kanthu kakuda kayedzamira kuchigafa cha kumapeto.

"Lekina, mnzanga," anatero motsitsa. "Ndinakutaya. Funsanso."

Anamenya kachitatu.

Gu.

Chimanga chinadumpha mpaka kugwera pamapazi a Feliya. Gu, gu, go! Mtsikanayo anakuwa n'kugwira chitenje cha mayi ake, koma Nazimbiri sanaphonye. Musi wake unkatsika, winawo n'kutsika, monga zaka zisanu ndi ziwiri zija, ndipo kamphepo konunkha matope a kudambo kankamufika kumaso. Kenaka funso linabwera. Feliya anadzanena pambuyo pake kuti linachokera mumtondo. Nankhoma, amene anamva ali m'nyumba, anati linachokera pamwamba pa mkuyu. Nazimbiri sananenepo mpaka imfa yake.

"Ndani anandiitana kuchigafa, amayi?"

"Mangulenje!"

Mawu anatuluka osasa, poti anali atagona zaka zitatu. Funso linabweranso, ndipo ulendo uno dzinalo linatuluka lonse, mawu aja ouwitsa agalu. Linagunda nyumba za matenanti, linawoloka dambo, linabwerera kuchokera m'mabulugama.

Chitseko chimodzi chinatseguka, kenaka china. Amayi anaima m'makomo manja ali pakamwa. Woyamba kuyenda anali Nankhoma. Anafika ndi musi wake, anaima pa mtondo wopanda kanthu, n'kuyamba kumenya. Nazimbiri ankayembekeza kuti avomera naye. Koma mayi wosalankhulalankhula uja anakweza mutu n'kufunsa funso lija iye mwini.

"Ndani anandiitana kuchigafa, amayi?"

Nazimbiri anamuyang'ana kakasi. Zaka zitatu mtondo umodzi, osadziwa kuti nayenso anaitanidwapo kuchigafa. "Mangulenje!" anavomera. Wina anafunsa kumbuyo kwake, mkazi wa mlonda. Wina, mayi wa ana asanu ndi awiri. Wina, mtsikana amene anangokwatiwa chilimwe chathachi. Funso linayenda pakamwa ndi pakamwa, ndipo aliyense wofunsa ankalira, ndipo yankho linkakulirakulira. Atafika pa khumi Nazimbiri analeka kuwerenga.

Palibe amene anati tiyeni. Anangopezeka ali m'njira ya kudambo, amayi oposa makumi atatu, misi pamapewa, Feliya ali pakati pawo ngati mwanapiye. Podutsa pachitsime chija nyimbo inatsika yokha, n'kukweranso atapitirira. Amuna m'minda anaweramuka n'kuima ndi makasu awo, osadziwa ngati athamangire kapena abisale.

Njinga inali pomwepo. Chitseko cha chigafa chinali chotseka. Amayi anazungulira chigafacho n'kuyamba kusinja nthaka ndi misi yawo, onse pamodzi, mpaka udzu wa padenga unayamba kuyoyoka. Sanagwire chitseko, sanaponye mwala. Ankangofunsa ndi kuyankha, kufunsa ndi kuyankha. Kenaka Nazimbiri anakweza dzanja, onse n'kukhala chete.

Mkati munali mukulira musi. Gu, gu, gu, go! Gu, gu, gu, go! Ndipo pansi pa kulirako kunkamveka mawu a mwamuna, ang'onoang'ono ngati a mwana: "Pepani mayi. Pepani mayi. Ndamva, pepani."

Amayi ena anabwerera m'mbuyo. Nankhoma anayamba pemphero koma linamuthera panjira. Chitseko chinatseguka mwamphamvu, ndipo a Mangulenje anatuluka ali mbuu ndi gaga kuyambira kutsitsi mpaka kumapazi, manja ali kumakutu. Anadutsa pakati pa amayiwo ngati sakuwaona. Atafika poyera analiyatsa liwiro, ndipo ngati munamvapo za liwiro la mtondo wadooka, mwini wake anali ameneyo. Nsapato imodzi yolira ija inatsala m'matope.

Nazimbiri analowa yekha. Fodya anali lende pa mikangala, wosagwedezeka. Munalibe mtondo, munalibe chimanga ngakhale njere imodzi, ndipo kumene kunachokera gaga uja palibe amene anadziwa. Pakati pa chigafa panali dzenje lolekeza m'chigongono, ndipo m'dzenjemo munaima musi, chilili, wosatsamira kanthu. Anaugwira pakati. Unali wonyowa, ndiponso wofunda.

Madzulo ake manijala wa esiteti anabwera pamkuyu pa galimoto, atafiira maso. Ntchito yaima, kapitawo wasowa, ankafuna kudziwa amene anayambitsa chipolowecho kuti amukweze lole tsiku lomwelo.

"Wayambitsa ndani?" anakuwa.

Amayi anayang'anana. Kenaka onse pamodzi, mwaulemu, atagwada bwinobwino, anayankha kuti, "Kaya, bwana."

"Ife timangoimba," anawonjezera Nankhoma. "Za pamtondo."

Nanga akanathamangitsa mabanja makumi atatu fodya asanasokedwe? Anatukwana, anakwera galimoto, n'kumapita. Kapitawo amene anabwera pambuyo pake analinso ndi njinga, koma belu analimasula tsiku loyamba. Za a Mangulenje ena ankati anawaona ku msika wina wa kumalire, akuyenda ndi thonje m'makutu, ndipo akangomva mayi akusinja ankasiya chilichonse n'kuthawa.

Musi uja Nazimbiri anakaugoneka pamanda a mnzake. Chiswe chinaudya mlungu umodzi usanathe.

Feliya anakula, anakwatiwa ndi munthu wa kumtima kwake, ndipo atakhazikika anatenga mayi ake kubwerera nawo ku Dedza. Kumeneko chigayo chinali chitafika kale, pafupi penipeni, koma Nazimbiri anakana kusiya mtondo. Ngakhale msana utapindika, m'mawa uliwonse ankathira timanja tiwiri ta chimanga n'kumakonola yekha kuseri kwa nyumba. Anthu odutsa ankadabwa kakonoledwe kake, chifukwa ankamenya kamodzi n'kudikira, kumenya n'kudikira, khutu atalitchera.

"Amayi, mukatero mutha liti?" Feliya anawafunsa tsiku lina. "Bweretsani ndikagayitse."

"Ndisiye. Ndikumupatsa mpata mnzanga."

"Amabwera?"

Nazimbiri anapukusa mutu. "Anamva zimene ankafuna. Akanabwereranji?" Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Liwu limodzi lokha, mwana wanga. Ndikanalinena tsiku loyamba lija, bwenzi pano tikukonola awiri."

Anakweza musi, anamenya, n'kudikira.